Kufomata hadi disiki yachiwiri: yambani ndi fulashi yoyatsira kompyuta

Munthu akagula hadi disiki yachiwiri, kaya yatsopano kaya yozulidwa mu kompyuta ina imene inafa, chimamudabwitsa n'chakuti akaimangirira n'kuyatsa makina, mu This PC simuoneka kanthu. Ena amathamangira kwa wogulitsa kukakalipa kuti wawagulitsa chakufa. Kawirikawiri disikiyo imakhala ili bwinobwino. Ili ngati munda umene mwangougula kumene: nthaka ilipo, koma malire sanaikidwe ndipo mizere sinapangidwe. Windows singasungepo kanthu mpaka mutaigawa, kuifomata ndi kuipatsa chilembo chake.

Ntchitoyi ndi yosavuta. Chimene chimaliritsa anthu n'chimodzi chokha: kufufuta disiki yolakwika. Choncho zambiri zimene ndilembe apa ndi njira zotsimikizira kuti disiki imene mukuifufuta ndi yomweyo imene mukufuna. Ndipo tiyamba ndi fulashi yokhala ndi Windows yoyatsira kompyuta, tisanagwire sikuludilaiva, chifukwa kompyuta ikakana kuyaka mutaika kale disiki inayo, fulashi yopulumukira simungaipangirenso pa makina omwewo.

Zofunika kukhala nazo

Pezani fulashi ya 8 GB kapena kuposa. Ine ndimakonda ya 16 GB. Zonse zimene zili pa fulashiyo zifufutika, ndiye samutsani kaye nyimbo ndi zithunzi zanu. Chenjerani ndi mafulashi otchipa kwambiri olembedwa 64 GB kapena 128 GB. Ena mwa iwo m'kati mwake ndi aang'ono, amangonamiza kompyuta, ndipo amalandira mafayilo bwinobwino koma pobweza amabweza zinyalala. Kapulogalamu kotchedwa H2testw kamadzaza fulashi yonse n'kuiwerenganso, ndipo bodza limaonekera pomwepo.

Mufunikanso intaneti yokwanira. Fayilo ya Windows 11 imapitirira 5 GB, ndiye bandulo ya tsiku limodzi yochezera pa WhatsApp sikwanira. Ngati ndi desikitopu, gulaninso chingwe cha SATA, cholumikizira disiki ku mathabodi, chifukwa madisiki ambiri amagulitsidwa opanda chingwe. Pomaliza, pepala ndi cholembera. Musaseke, pepalalo ndi limene likupulumutseni.

Kupanga fulashi

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi ya Microsoft yomwe, pogwiritsa ntchito Media Creation Tool. Mumaitenga pa tsamba lawo lotsitsirapo Windows, kuitsegula, kudina Accept, kusankha chilankhulo, kenako kusankha USB flash drive n'kuloza fulashi yanu. Zotsalazo imachita yokha. Vuto lake ndi loti imatsitsa Windows yonse pamene ikugwira ntchito, ndiye netiweki ikaduka kapena magetsi akazima pakatikati, nthawi zambiri mumayambiranso pachiyambi ndipo bandulo yapita.

N'chifukwa chake ine ndimatsata njira yachiwiri: kutsitsa payokha pa tsamba lomwelo fayilo ya ISO, imene ndi fayilo imodzi yokhala ndi zonse zoinsitolera Windows, n'kuisunga. Mukakhala nayo mutha kupanga mafulashi ambirimbiri osawononganso data. Linki imene Microsoft amakupatsani imagwira ntchito kwa maola 24 okha, choncho musaitenge lero kuti mudzatsitse sabata yamawa. ISO ya pa magulu a WhatsApp kapena ya munthu wosamudziwa isiyeni, simudziwa chimene anaikamo.

Kungokopera ISO pa fulashi ngati mmene mumakoperera filimu sikuthandiza, kompyuta singayakire pamenepo. Pamafunika pulogalamu yoilemba moyenera, ndipo yodziwika kwambiri ndi Rufus, yaulere, imene anailemba Pete Batard. Ndi yaing'ono ndipo sifuna kuinsitola.

Musanatsegule Rufus, dziwani kaye mmene kompyuta yanu imayakira. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani msinfo32 n'kudina Enter. Yang'anani mzere wolembedwa BIOS Mode. Pakhala UEFI kapena Legacy. Lembani papepala paja.

Tsopano zulani mafulashi ena onse, kusiya wofunikayo yekha, ndipo tsegulani Rufus. Pa Device onetsetsani kuti dzina ndi kukula kwake ndi za fulashi yanu. Dinani Select n'kuloza ISO ija. Pa Partition scheme, pamene pali njira ziwiri zogawira disiki, sankhani GPT ngati munapeza UEFI, kapena MBR ngati munapeza Legacy. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: fulashi ya GPT pa makina akale a Legacy siyaka, ndipo munthu amayamba kuganiza kuti fulashi ndiyo yawonongeka. Zina zonse zisiyeni mmene Rufus waziikira, dinani Start, vomerezani kuti fulashi ifufutidwe, ndipo dikirani mpaka mzere wobiriwira utadzaza n'kulemba READY. Ngati Rufus akufunsani zochotsa zimene Windows 11 imafuna pa kompyuta, monga kachipangizo kachitetezo ka TPM, pa ntchito yathuyi n'zosafunika, pitirirani.

Wina afunsa kuti Windows 10 kapena 11. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, koma makompyuta ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene tili nawo sakwanitsa zofunika za Windows 11. Pofomata disiki zilibe kanthu, zida zimene tikuzifuna zili m'ma ISO onse awiri. Pa makina akale ndithu, ya Windows 10 ndiyo sivuta.

Yesani fulashiyo pompano

Fulashi yosayesa musaidalire. Zimitsani kompyuta, lowetsani fulashi, yatsani, ndipo nthawi yomweyo yambani kudinadina batani lotsegulira mndandanda wa zoyatsira. Pa Dell ndi Lenovo ndi F12. Pa HP dinani Esc kenako F9. Pa malaputopu a Asus ndi Esc, pa madesikitopu awo ndi F8. Pa Acer ndi F12, ngakhale nthawi zina imafuna kuti muilole kaye mu BIOS, pulogalamu ya m'makina imene imayamba kugwira ntchito Windows isanayake. Mukachedwa pang'ono Windows imayaka, mungoyambiranso.

Sankhani dzina la fulashi yanu. Pakatuluka zenera lofunsa chilankhulo ndi kiyibodi, fulashi ili bwino. Musapitirire kuinsitola. Tsekani zeneralo, zulani fulashi, kompyuta iyake mwa nthawi zonse.

Chenjezo limodzi: malaputopu ambiri a masiku ano amabwera disiki yake itatsekedwa ndi BitLocker, loko ya Windows yotetezera mafayilo. Mukasintha zina mu BIOS, monga Secure Boot, Windows itha kukufunsani kiyi ya manambala 48 isanayake. Kawirikawiri kiyiyo imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Ipezeni n'kuilemba musanasinthe kalikonse.

Kumangirira disiki

Musanaike disiki m'bokosi, werengani chipepala chomatidwa pamwamba pake. Lembani dzina la kampani, kaya Seagate, Western Digital kapena Toshiba, nambala ya modelo, ndi kukula kwake. Lembaninso kukula kwa disiki yanu yoyamba, imene muli Windows.

Zimitsani kompyuta, zulani chingwe chamagetsi pakhoma, ndipo gwirani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti mphamvu yotsalira ithe. Tsegulani bokosi, gwirani kaye chitsulo chake musanagwire za m'kati. Disiki ya SATA imafuna zingwe ziwiri: chaching'ono cha mapini 7 chopita pa mathabodi, ndi chachikulu cha mapini 15 chochokera ku pawa sapulayi. Zonse pakamwa pake pali ngati chilembo L, zimalowa mbali imodzi yokha. Chikakana, mwachitembenuza, musakakamize, pulasitiki yake sichedwa kuthyoka. Imangeni disikiyo ndi masikulu, osaisiya ikulendewera pa zingwe, chifukwa m'kati mwake muli timbale tozungulira mothamanga kwambiri ndipo kugwedezeka kumaipha.

Pa laputopu malo ndi ochepa. Ena ali ndi mpata wa M.2 wongokhala, molowa ka SSD, kadisiki kopanda timbale. Ena mumachotsa cha DVD n'kuikapo kabokosi kotchedwa caddy, ndipo timabokosi timeneti tilipo ta 9.5 mm ndi ta 12.7 mm, ndiye yezani musanagule. Zikavuta, ikani disikiyo m'kabokosi ka USB, kafomatidwe kake n'kofanana.

Mukayatsa, lowani mu BIOS, nthawi zambiri ndi F2, Del kapena F10, muone ngati madisiki onse awiri akuoneka. Ngati yachiwiri sikuoneka apa, Windows nayonso siiona. Bwererani ku zingwe, yesani bowo lina la SATA. Onaninso kuti yoyamba kuyaka ndi disiki yanu yakale kapena Windows Boot Manager wake. Disiki yozulidwa mu kompyuta ina imakhala ndi Windows ya mwini wake wakale, ndipo nthawi zina imalanda malo. Mukaona dzina la munthu wachilendo pa sikirini, kapena sikirini ya buluu, musanjenjemere, zanu zilipo. Ingosinthani dongosolo la kayakidwe.

Ngati disikiyo ndi yakale, iyezeni thanzi musanaisungitse kanthu. CrystalDiskInfo imawerenga zimene disiki imadzilembera yokha, ndipo imakuuzani kuti Good, Caution kapena Bad, komanso maola amene yagwira ntchito. Ya Caution ine ndimangoikapo mafilimu amene sindingawalire. Imene ikulira kuti khe khe khe, ibwezeni. Kufomata sikuchiritsa disiki yodwala.

Kufomata muli mu Windows

Ngati Windows yayaka bwino, fulashi ija ipume kaye. Dinani batani lakumanja la mausi pa Start n'kusankha Disk Management.

Disiki ikakhala yatsopano, pamatuluka kazenera ka Initialize Disk kofunsa MBR kapena GPT. Sankhani GPT. MBR ndi yakale, imalekeza pa 2 TB ndipo imalola magawo akuluakulu 4 okha. Mukaika disiki ya 4 TB pa MBR, theka lake limangokhala osagwiritsika ntchito. GPT ilibe malire amenewo ndipo Windows imalola magawo mpaka 128. MBR musankhe pokhapokha ngati disikiyo muzikailumikizanso ku makina akale a Windows XP kapena zipangizo zina zakale.

Pansi pa zenera muona madisiki atandandalikidwa: Disk 0, Disk 1, ndi ena. Tengani pepala lija. Imene ili ndi C: ndi mawu akuti Boot musaikhudze. Yanu yachiwiri muidziwe ndi kukula kwake, ndipo kuti mutsimikize, dinani kumanja pa dzina lake, sankhani Properties, muone ngati modelo yake ikufanana ndi imene munalemba. Ikalembedwa Offline, dinani kumanja n'kusankha Online.

Musadabwe kuona disiki ya 1 TB ikulembedwa 931 GB, kapena ya 500 GB ikulembedwa 465 GB. Sanakubereni. Opanga madisiki amawerenga ndi 1,000 pamene Windows imawerenga ndi 1,024, basi.

Malo osagawa amakhala ndi mzere wakuda pamwamba ndi mawu akuti Unallocated. Ngati disikiyo ili ndi magawo akale, tsegulani kaye muone ngati mulibe chofunika, kenako dinani kumanja pa gawo lililonse n'kusankha Delete Volume mpaka yonse itada. Ndiye dinani kumanja pa malo akudawo n'kusankha New Simple Volume. Pa kukula siyani nambala imene ilipo ngati mukufuna gawo limodzi. Sankhani chilembo, monga D kapena E. Pa File system sankhani NTFS, Allocation unit size muisiye pa Default, ndipo pa Volume label lembani dzina lomveka monga NKHOKWE kapena NTCHITO. Dzinalo si lokongoletsa chabe. Zilembo zimasinthasintha, koma dzina limayenda ndi disiki kulikonse.

NTFS ndiyo yoyenera disiki ya m'kati. Ya kunja imene muziyenda nayo pakati pa Windows ndi Mac, exFAT ndiyo yabwino. FAT32 musaiganizire pa disiki yaikulu, chifukwa imakana fayilo iliyonse yopitirira 4 GB, ndiye vidiyo ya ukwati kapena ISO ija sizingalowe.

Patsala kabokosi kolembedwa Perform a quick format. Mukakasiya kochongedwa, ntchito imatha m'masekondi, koma Windows imangolemba kaundula watsopano, zakale zimakhalabe pansi ndipo munthu wodziwa atha kuzifukula. Mukachotsa chongacho, Windows, kuyambira pa Vista, imalemba maziro pa disiki yonse n'kumayang'ana malo owonongeka. Pa 1 TB zimatenga maola. Disiki yatsopano kapena SSD, yachangu ikwana. Yakale yosadziwa kumene yachokera, ndimaifomata yathunthu kamodzi, ndipo ndimasankha nthawi imene ndikuyembekeza kuti magetsi akhalapo. Akazima pakati disiki siifa ayi, mungoyambiranso, koma n'zotopetsa.

Dinani Finish. Pakalembedwa Healthy ndipo mzere wasanduka wa buluu, tsegulani This PC, muipeza.

Pamene fulashi ikufunika

Pali nthawi zina zimene Disk Management imagonja. Magawo otchedwa EFI System Partition ndi Recovery a pa disiki yakale imakana kuwafufuta. Mwina Windows yakana kuyaka. Mwinanso disikiyo yachokera ku makina odzaza mavayilasi ndipo simukufuna kuti ikumane ndi Windows yanu isanayeretsedwe. Apa tengani fulashi.

Koma poyamba chitani ichi ngati ndi desikitopu: zimitsani, zulani chingwe chaching'ono cha SATA cha disiki imene muli Windows. Disiki yosalumikiza simungaifufute ngakhale mutasinza. Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa. Ndinali ndi madisiki awiri a 500 GB m'makina a mayi wina, ndinakhulupirira kuti Disk 0 nthawi zonse ndiyo ya Windows, ndipo ndinafufuta imene munali mabuku ake a bizinesi. Nambalazo zimatsata mabowo amene zingwe zalowa ndi mmene makina awawerengera tsikulo, sizitsata kufunika kwa disiki.

Yatsani kudzera pa fulashi monga munachitira poyesa. Zenera la chilankhulo likatuluka, dinani Shift ndi F10. Pa malaputopu ena muwonjezere Fn. Patuluka zenera lakuda. Zilembo za madisiki muno musazikhulupirire, C: wanu atha kukhala D: kapena E:. Lembani mizere iyi umodziumodzi, kudina Enter pa uliwonse.

diskpart

list disk

Muona madisiki onse ndi kukula kwake, kuphatikizapo fulashi yanu, imene izioneka ngati 7 GB kapena 14 GB. Tinene kuti yofunika kufomata ndi Disk 1.

select disk 1

detail disk

Mzere woyamba umene utuluke ndi dzina ndi modelo ya disikiyo. Yerekezani ndi pepala, chilembo ndi chilembo. Onaninso magawo amene alembedwa pansi pake. Pakakhala kachikaiko kalikonse, lembani exit, mukaonenso. Lamulo lotsatirali silifunsa kuti mwatsimikiza kapena ayi, likangomva Enter lachita.

clean

convert gpt

create partition primary

format fs=ntfs quick label=NKHOKWE

assign

exit

Mukafuna kufomata kwathunthu, chotsani mawu akuti quick. Zikatha, tsekani mazenera onse, zimitsani, zulani fulashi, bwezerani chingwe cha disiki ya Windows, n'kuyatsa. Ngati disiki yatsopanoyo sikuoneka mu This PC, pitani ku Disk Management, dinani kumanja pa gawo lake, sankhani Change Drive Letter and Paths n'kuipatsa chilembo.

Nanga mukazindikira kuti mwachita clean pa disiki yolakwika? Imani pomwepo. Musapange gawo, musafomate, musakoperepo kanthu. Lamulo la clean limangochotsa kaundula wa magawo, mafayilo enieniwo amakhala akadalipo, ndipo pulogalamu yaulere ya TestDisk nthawi zambiri imabwezeretsa magawowo. Ndi imene inandiombola pa mayi uja, ngakhale usiku umenewo tulo sindinatione. Lamulo la clean all ndi lina: limalemba maziro paliponse ndipo pambuyo pake palibe chobweza. Limeneli ndi la tsiku logulitsa kapena kupereka disiki kwa munthu wina.

Kwa amene ali ndi makina a makedzana

Mwina mwapatsidwa kompyuta ya nthawi ya Windows 98, yomwe singayakire pa USB. Kumeneko disiki yoyatsira kompyuta inali fulope ya 1.44 MB, yopangidwira mu Control Panel, pa Add/Remove Programs, pa tsamba la Startup Disk. Madisiki ake ndi a IDE, a chingwe chophwatalala cha mapini 40, ndipo awiri akakhala pa chingwe chimodzi, kajampa ka kumbuyo kwake mumakaika kuti ina ikhale Master, inayo Slave. Mukayatsa ndi fulope mumalemba fdisk, kuyankha Y pa funso la madisiki aakulu, kenako kusankha nambala 5, imene imaoneka pokhapokha madisiki akhala oposa imodzi, kuti musamukire pa yachiwiri. Mukapanga gawo mumayatsanso makina, ndiye n'kulemba format ndi chilembo chake. Lembani kaye dir pa chilembocho: gawo losafomata limabweza uthenga wa vuto, pamene lokhala ndi katundu limaonetsa mafayilo.

Kutsiriza

Koperani fayilo yaikulu pa disiki yatsopanoyo, ISO ija ingachite, zimitsani kompyuta, yatsaninso, muone ngati disiki ikuonekabe ndipo fayiloyo ikutseguka. Ngati cholinga chinali kupepuza C:, dinani kumanja pa Documents kapena Downloads, sankhani Properties, pitani pa Location, dinani Move, n'kuloza foda imene mwapanga pa disiki yachiwiri. Lozani foda, osati disiki yonseyo.

Kumbukirani kuti madisiki awiriwa ali m'bokosi limodzi ndipo akudya magetsi amodzi. Mphezi ya m'dzinja kapena wakuba amatenga onse pamodzi, choncho zimene simungafune kutaya zikhalenso kwina kunja kwa bokosilo. Fulashi ija imateni kapepala kolemba mtundu wa Windows ndi kuti ndi GPT kapena MBR, muisunge m'dirowa limodzi ndi pepala la mamodelo lija. Wobwereka fulashi yoti akaikepo nyimbo mumupatse ina.